Ma cichlid akuluakulu a muthanki: zowonjezera pa mapeleti

Ngati mukuweta ma cichlid akuluakulu, nsomba za banja limodzi ndi chambo, monga oscar, kaligono, chimpeni kapena frontosa muthanki yagalasi, mapeleti abwino, timibulu ta chakudya cha nsomba togula m'shopu, musawasiye ayi, amenewo ndi nsima yake ya tsiku ndi tsiku chifukwa mavitamini ndi michere anaikamo kale moyeza. Koma nsomba yofika masentimita 25 kapena 30 ikamangodya mapeleti okhaokha chaka ndi chaka imatha kuzilala mtundu, kunenepa mosakhala bwino, ina mpaka imangokhala pakona osatakataka. Zowonjezera zimathandiza, kawiri kapena katatu pa sabata basi, bola muyambe mwadziwa kuti nsomba yanuyo kwawo imadya chani. Apa mpamene anthu ambiri amaphera nsomba zodula, amangoti cichlid ndi cichlid nkumapatsa zonse zofanana.

Tengani za m'nyanja yathu ya Malawi yomweyi. Mbuna zomwe mumaziona m'miyala ku Cape Maclear zija zimakhalira kupala ndere tsiku lonse, zimadya pang'onopang'ono ndipo matumbo ake ndi aatali kuposa thupi lake kangapo. Kaligono, amene m'mashopu amalemba Nimbochromis livingstonii, amagona chammbali pamchenga kunamizira kufa, kansomba kakabwera kudzamusuzumira ndiye ndiwo zapezeka. Chimpeni, Dimidiochromis compressiceps, amabisala m'maudzu a m'madzi nkumawakha tiana ta nsomba. Ma Aulonocara amayandama duu pamwamba pa mchenga kumvetsera tizilombo tikuyenda pansi, pomwe gunda mwala, Cyrtocara moorii, amangotsatira nsomba zofukula mchenga nkumatola zomwe zavumbuluka. Nyanja imodzi koma mimba zosiyana kutalitali. Oscar ndi wa ku South America, kwawo amadya tizilombo togwera m'madzi, nkhanu zing'onozing'ono, tinsomba ngakhale zipatso zogwa m'mitengo. Frontosa ndi wa ku Lake Tanganyika, amadya nsomba koma mwaulesi wake, sathamangira chakudya ndiye onetsetsani kuti chikumufikira pansipo anzake asanamalize.

Kwa zodya nyama, chinthu choyamba chomwe ine ndimalimbikitsa ndi nyongolotsi. Sizigulidwa, mafuta ake ndi ochepa, ndipo nsomba yomwe yakana kudya nthawi zambiri ikaona nyongolotsi ikuvinavina imasintha maganizo. Kumbani pamalo poti sipanathiridwepo feteleza kapena mankhwala, osati pafupi ndi chimbudzi, khola kapena pomwe mumatayira madzi a sopo. Ziikeni m'kachitini muli pepala lonyowa kwa tsiku limodzi kuti zitulutse dothi lam'mimba, tsukani, kenako mupatse. Oscar wamkulu amameza yathunthu, ma Aulonocara muziwadulira.

Ziwala nazo ndi zabwino kwambiri makamaka kwa oscar, kungoti thyolani miyendo yakumbuyo yaminga ija, ndipo musagwire za m'munda wopoperedwa, masiku ano ndi nkhani ya mbozi m'chimanga minda yambiri imapoperedwa ndipo mankhwala ophera tizilombo nsomba sizichedwa nawo kufa. Anunkhadala aja, amawangamawanga onunkha, asiyeni. Ngumbi zikatuluka mvula yoyamba cha mu Novembala ndi Disembala tolaniko zaziwisi, chotsani mapiko, sungani mufiliza nkumapatsa zochepa chifukwa zili ndi mafuta ambiri zedi. Zokazinga zothira mchere za pamsika zija ndi zanu inuyo, osati za nsomba. Amene mumakhala kunyanja mukaona nkhungu yatera, ija ndi chakudya chenicheni cha nsomba za m'nyanjamo, mphutsi zake utaka umadya daily, ndiye yauma bwino popanda mchere mutha kuwaza pang'ono pamwamba pa madzi.

Tsopano nkhani ya nsomba zamoyo. Anthu amakonda kugula ti goldfish kapena kuwedza timatemba kudambo nkuponya muthanki kuti aziona chilombo chikusaka, ena amajambula nkuika pa status. Ine ndimakana. Choyamba tinsomba timeneti timabwera ndi matenda, monga a timadontho toyera pakhungu, nyongolotsi zam'mimba, nsabwe za nsomba, ndipo muthanki madzi ndi omwewo ndiye matenda akalowa agwira zonse. Chachiwiri goldfish ndi nsomba zambiri za banja la carp zili ndi thiaminase, chinthu chomwe chimaononga vitamini B1, nsomba ikamadya zimenezi nthawi yaitali imayamba kufooka, kusambira mozungulira mutu, kukana kudya. Kuika mufiliza sikuchotsa thiaminase, kuphika ndi komwe kumamuthetsa. Usipa ndi matemba ndi a banja lomwelo, ndiye ngakhale kunyanja nsomba zolusa zimadya usipa, muthanki usakhale wa tsiku lililonse, kamodzi pa sabata kakwana. Ukhale wauwisi wa fuleshi, mwausunga mufiliza yozizira kwenikweni, madigiri 20 pansi pa ziro kwa masiku 7, kuti tizilombo tambiri tife, kapena mwauviika m'madzi owira kamphindi. Ngati kwanu magetsi amazimazima filiza nkumasungunuka, kuwiritsako ndiye njira yodalirika. Usipa wouma wa pamsika ndi wovuta, wina ndi wofutsa ndi mchere, wina wokazinga m'mafuta, wina mchenga okhaokha ndipo simudziwa kuti anausunga ndi chani kuti usafumbwe, ngati mulibe china unyikeni m'madzi kwa nthawi, sinthani madziwo kangapo, koma kunena zoona bola nyongolotsi. Mnofu wa chambo kapena makumba wochotsa minga ndi wabwino kuposa zonsezi, tizidutswa tiwiri kapena titatu tofanana ndi diso la nsomba yanuyo. Ma prawns, tinyama ta m'madzi tachikamba ngati nkhanu, osathira kanthu amathandiza kuti mtundu wofiira ndi wa olenji uwale, musasende chikamba chonse chifukwa mphamvu yake ili m'chikambamo, koma nawonso aziwiritsidwa pang'ono.

Nyama ya ng'ombe, mtima, chiwindi, nkhuku, soseji, izi zisalowe muthanki ya nsomba za ku Malawi. Ena oweta discus, mtundu wina wa cichlid, amagwiritsa mtima wa ng'ombe wochotsa mafuta, zimenezo ndi zawo. Mafuta a nyama za pamtunda nsomba sizigaya bwino, amakaunjikana kuchiwindi, komanso madzi amaonongeka nthawi yomweyo. Nsima, buledi ndi mpunga nazo ayi, zimangodzaza mimba nkuchititsa madzi mbuu.

Kwa mbuna ndi zina zodya ndere nkhani yonse yam'mwambayi iwalani, zowonjezera zake ndi masamba. Nsawawa zowiritsa zochotsa khungu nkuzitswanya ndi zala, sipinachi, letesi, nkhaka yochotsa njere, ngakhale nkhwani wanthete mwausadzula nkuuviika m'madzi otentha sekondi zochepa kuti ufewe. Mangirirani tsambalo pamwala ndi labala kuti limire, zizipala zokha, likatha maola angapo chotsani lotsala. Ndipo musamakweche ndere zonse pamiyala pofuna kuti thanki izioneka smati, pukutani galasi lakutsogolo lokha, miyala isiyeni imere zobiriwira zizidya. Nsawawa zija nazo oscar ndi kaligono apatseniko kamodzi pa sabata, zimathandiza m'mimba kuyenda, oscar amalandiranso kachidutswa ka nthochi kapena papaya apo ndi apo ndipo amafunikira vitamini C ndithu.

Vuto limakula mukasakaniza mbuna ndi zodya nyama muthanki imodzi, chifukwa mbuna ndi yaliwiro ndipo siikana, imalanda nyongolotsi ya kaligono iye asanatembenuke. Ngati zili kale limodzi, yambani mwamiza masamba mbali imodzi mbuna zitanganidwe, kenako mumupatse wamkuluyo chake ndi kachopanira mbali inayo.

Amene mumafuna zosavuta pangani chosakaniza chanu. Mnofu wa nsomba wowiritsa, ma prawns pang'ono, nsawawa, sipinachi, kasupuni ka ufa wa ndere wotchedwa spirulina ngati mwaupeza, gayani zonse mu blenda. Sungunulani jelatini wopanda shuga ndi fleva m'madzi otentha, sakanizani, thirani m'kapulasitiki nkukaphwatalitsa kuti kakhale kopyapyala, ikani mufiliza. Mukafuna kupatsa mumangobenthula kachidutswa, kasungunuke kaye, osaponya chili gwaa. Cha mbuna masamba achuluke kwambiri nyama ingonunkhira, cha oscar ndi kaligono mutembenuze. Pangani chochepa choti chithe mwezi umodzi kapena iwiri.

Muyeso wake, chomwe zingamalize pa miniti imodzi kapena ziwiri, nsomba yaikulu kamodzi patsiku ndipo tsiku limodzi pa sabata isadye kanthu, sizifa ndi njala ngakhale zizikupemphani pagalasi. Tsiku lomwe mwapatsa zowonjezera mapeleti musapatsenso. Chakudya chatsopano yambani ndi chimodzi, dikirani masiku angapo muone mmene zikuchitira, oscar makamaka ndi wamakani, amatha kulavula chinthu chachilendo kangapo asanachizolowere, ndipo akazolowera zankhuli amayamba kunyanyala mapeleti, pamenepo musagonje, msiyeni masiku awiri atatu adya yekha.

Zakudya zaziwisi zimadetsa madzi kuposa mapeleti, ndiye zotsala vuulani ndi kaneti pompopompo, sinthani madzi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu sabata iliyonse ndipo siponji ya fyuluta muzitsukira m'madzi omwe mwachotsa muthankimo, osati a pampopi a klorini. Madzi akuda ndi chakudya choperewera ndi zomwe zimayenderana ndi timabowo totuluka pamutu pa oscar. Ndipo muziyang'ana chimbudzi cha nsomba zanu. Mukaona nsomba ikutenga chakudya nkulavula, ikubisala, ikupuma mwabefu, chimbudzi chili choyera chachitali chonanda, chimenecho ndi chiyambi cha matenda otupa mimba omwe oweta amawatchula kuti Malawi bloat, musadikire kuti mimba itupe chifukwa ikafika potupa zambiri sizichira. Siyani kupatsa chakudya chilichonse, sinthani madzi, yodwalayo ipatuleni muthanki ina. Mankhwala omwe amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi metronidazole, koma muyeso wake funsani a zaziweto kapena oweta odziwa malinga ndi malita a thanki yanu, ndipo makala a mufyuluta muyambe mwachotsa chifukwa amayamwa mankhwalawo.