Kudzala catnip pakhomo kuno ku Joni, ndi zomwe mphaka amachita akainunkhiza

Kumudzi ntchito ya mphaka ndi makoswe a m'nkhokwe, basi. Kuno ku Johannesburg mphaka amagona pa sofa, ali ndi mbale yakeyake, ndipo ambiri amene mukugwira ntchito ya m'munda kapena ya m'nyumba ku Randburg, Sandton ndi Fourways mumasiyiridwa udindo womusamala. Tsiku lina abwana akati mudzale catnip, chomera chomwe fungo lake limasangalatsa amphaka, kapena mukafuna kusangalatsa mphaka wanu, dziwani kuti chomerachi sichivuta. Chimene chimachipha ndi madzi ochuluka, komanso mphaka yemweyo akachipeza chisanakhwime.

Dzina lake la sayansi ndi Nepeta cataria, ndipo dzinali muligwire bwino popita ku nazale. Kumeneko amagulitsanso china chotchedwa catmint, cha maluwa okongola obiriwira mofiirira, koma amphaka ambiri sachilabadira kwenikweni. Catnip yeniyeni ndi mbale wake wa timbewu tonunkhira. Tsinde lake mukalipotokola pakati pa zala mumva kuti lili ndi ngodya zinayi, masamba ndi otuwirako, a tiubweya, onga mano a sowo m'mphepete, ndipo maluwa ake ndi oyera, a timadontho. Inachokera ku Ulaya ndi ku Asia, nchifukwa chake kuzizira kwa kuno sikuiopsa.

Fesani mu Seputembala chisanu chitatha, mpaka mu Novembala. Njere zake zimachedwa kumera ngati sizinazizidweko, choncho ziikeni mufiriza usiku umodzi, kenako muzinyike m'madzi maola 24. Musazikwirire kwambiri: mamilimita 3 akwana, kungowaza dothi pamwamba ngati mmene mumachitira ndi njere za mpiru. Zimamera pakati pa masiku 7 ndi 14. Mbande zikafika masentimita 5 mpaka 10, patulirani kapena wokerani, kusiya masentimita 45 pakati pa phando ndi phando, chifukwa chomerachi chimatambasuka ndipo chimatha kutalika kuyandikira mita imodzi. Ngati mnzanu ali nacho kale, musavutike ndi njere. Dulani nsonga ya masentimita 10, thotholani masamba a m'munsi, muiike m'kapu ya madzi pawindo. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri muona timizu toyera.

Amene mukukhala m'mafuleti a ku Yeoville, Berea kapena m'tizipinda ta kuseri ku Rosettenville, ndowa yakale ya malita 10 ikukwanirani. Iboleni pansi mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi ndi msomali wotentha. Sakanizani magawo awiri a dothi, gawo limodzi la kompositi ndi gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje. Ndowayo ikhale pomwe pamawomba dzuwa maola 6 kapena kuposa, ndipo musaiwale kuti kuno mbali ya dzuwa ndi yakumpoto. Khonde loyang'ana kumwera lidzakupatsani chomera chonyozoloka, chosanunkhira.

Pa madzi ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Pisani chala m'dothi mpaka mfundo yachiwiri. Ngati mukumva chinyontho, musathirire. Masamba a m'munsi akayamba chikasu, tsinde n'kuda patsinde penipeni, ndiye kuti mizu yayamba kuola, ndipo kuonjezera madzi poganiza kuti chafota ndi ludzu n'kuchimalizitsa. Mvula ya kuno imagwa mwamphamvu masana kuyambira Okutobala, nthawi zina ndi matalala, ndiye musasiye mbale yosunga madzi pansi pa ndowa, ndipo mitambo ikada kokerani ndowayo pansi pa denga. Feteleza sichifuna wambiri. Mukachulutsa, masamba amakula bwino koma fungo limachepa, pomwe fungolo ndi limene tikufuna.

Tsono mphaka. Chomera chosakhudzidwa amatha kuchidutsa osachiona, koma tsamba likangofikisika, monga zimachitikira powokera, fungo limatuluka ndipo amabwera, ndi a kwa aneba omwe. Mbande yaing'ono amaigonera, kuigubuduzikira, m'mawa mupeza dothi lokhalokha. Vindikirani ndi waya wa khola la nkhuku wopindidwa ngati dengu, kapena zikani timitengo ta nsungwi motalikirana masentimita 5 kuzungulira chomeracho kuti asapeze pogona. Chikafika masentimita 20, tsinani nsonga kuti chiphuke nthambi. Masamba otulukira pa waya ndi ake. Tsinde ndi mizu ndi zanu.

Chimene chimamuzunguza mutu ndi mafuta a m'masamba otchedwa nepetalactone, ndipo amagwira ntchito kudzera m'mphuno. Amanunkhiza, kunyambita, kukhula tsaya ndi chibwano pamasamba, kenako gubudu pansi, miyendo m'mwamba, dovu lili chuchuchu. Ena amathamanga nyumba yonse ngati akupirikitsa khoswe wosaoneka. Munthu woona koyamba amati mphaka wadya poizoni, ena mpaka kuganiza za kumpanda. Ayi ndithu. Zimatenga mphindi 5 mpaka 15, kenako amadzuka, kudzinyambita n'kuchokapo ngati palibe chachitika. Mukamupatsanso pomwepo sachita kanthu, mpaka padutse theka la ola, ena maola awiri. Akadya masambawo m'malo monunkhiza, kawirikawiri amangofooka n'kugona. Sizimulowa m'magazi ngati fodya, moti mukasiya kumupatsa sadwala nazo.

Pafupifupi mphaka mmodzi mwa atatu alionse sachita nayo chidwi m'pang'ono pomwe. N'zakumtundu, ndiye musanyoze chomera chanu kapena wokugulitsani. Tiana ta mphaka tosakwana miyezi 3 nato sitimva kanthu, tina mpaka miyezi 6.

Kololani pomwe maluwa ayamba kumasula, m'mawa mame atauma. Dulani nthambi kusiya masentimita 10 kuchokera pansi, chidzaphukanso. Mangani timitolo, mupachike chozondotsa pamthunzi podutsa mphepo, m'chipinda chomwe mphaka salowamo. Padzuwa ayi, mafuta aja amauluka. Ndi kuuma kwa mpweya wa kuno sabata imodzi kapena ziwiri zimakwana. Fikisani masamba, sungani m'botolo lotseka bwino, ngakhale mufiriza. Theka la supuni ya tiyi likwana pa nthawi imodzi, kamodzi kapena kawiri pa sabata. Thirani m'sokosi yakale n'kumanga mfundo, kapena wazani pathabwa lomwe mukufuna kuti azinolerapo zikhadabo m'malo mwa sofa. Akadya wambiri amasanza kapena kutsegula m'mimba. Zikapitirira tsiku limodzi, pitani naye kwa dokotala wa ziweto. Mphaka wabere musamupatse, ndipo ngati amphaka ndi awiri osagwirizana, apatseni payekhapayekha, poti ena ikawalowa amayamba ndewu.

M'nyengo youma mumabwera akangaude ofiira, aja timawadziwa pa tomato, ndi ntchentche zoyera. Musapopere mankhwala a tomato, masambawa alowa m'kamwa mwa mphaka; tsukani kunsi kwa masamba ndi madzi amphamvu, nthambi zogwidwa kwambiri mudule n'kutaya. Mu Juni ndi Julayi chisanu chikaumitsa chomeracho pamwamba musazule poganiza kuti chafa. Dulirani pafupi ndi dothi, muzithirira pang'ono kamodzi pa masabata awiri, muona mphukira mu Seputembala. Maluwa omwe simunakolole adulireni asanabereke njere, apo ayi chaka chamawa catnip idzamera ndi m'ming'alu ya simenti momwe.