Kadzalidwe ndi kasamalidwe ka duwa la March lily

March lily, kapena kuti Amaryllis belladonna, ndi duwa la ku Western Cape, m'dziko la South Africa, lomera kuchokera ku chitsinde chonga anyezi wamkulu. Pakati pa Febuluwale ndi Epulo, kutentha kukamatha, phesi limatuluka pa dothi louma popanda tsamba ndi limodzi lomwe, n'kuchita maluwa apinki onunkhira. Masamba amabwera maluwa atafota, amakula ndi mvula ya m'nyengo yozizira, kenako amauma chilimwe chikafika. Chisamaliro chonse chagona pa kutsatira kalendala imeneyi.

Dzalani mu Disembala kapena Januwale, anyeziyo ali m'tulo. Sankhani malo owomba dzuwa, osadikha madzi. Ngati dothi ndi lamakande, sakanizani ndi mchenga wa kumtsinje ndi kompositi yowolerana bwino. Siyani mpata wa masentimita 20 mpaka 30, ndipo khosi la anyezi likhale lofanana ndi nthaka kapena lionekere pang'ono. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: mukamukwirira mozama, mudzakolola masamba okhaokha.

Thirirani masamba akakhala obiriwira, ndipo musawadule ngakhale ayambe kuoneka osalongosoka, chifukwa ndiwo amapangira chakudya maluwa a chaka chamawa. Akauma okha, lekani kuthirira. Amene mumasamalira magadeni ku Johannesburg, kumene mvula imagwa nthawi yotentha, dzalani pamalo okwera kapena mumphika waukulu wobowola pansi, apo ayi anyezi awola. Kuthirira kwanu kukhale kwa m'miyezi yozizira. Feteleza wa nayitrojeni wambiri ndi manyowa aawisi musayerekeze.

Duwali silifuna kusunthidwasunthidwa. Mukalizula likhoza kutha chaka kapena ziwiri osachita maluwa, choncho musadandaule, ndipo gawani anyezi pokhapokha atathithikana kwambiri, osadula mizu yake yonenepayo. Njere zake n'zofewa, sizisungika. Fesani zikangokhwima, koma maluwa mudzawadikira zaka zingapo.

Mdani wamkulu ndi mbozi yakuda ya mawanga achikasu, yotchedwa lily borer. Imaboola tsamba, n'kumadya chotsika mkati mpaka kukafika m'chitsinde. Yang'anani kunsi kwa masamba sabata iliyonse, phwanyani mazira, ndipo tsamba looneka lofewa ndi loyezuka mkati lidulidwe msanga. Nkhono nazonso muzizitola madzulo.

Anyezi ameneyu ndi wapoizoni. Musamuike pafupi ndi khitchini, ana kapena ziweto, ndipo muzisamba m'manja mukamugwira.