Kuchotsa chitin m'makoko a ma prawn ndi ultrasound

Mwafunsa, achimwene, ngati makoko a ma prawn ochokera ku Mozambique, amene malo odyera muno mu Blantyre amangotaya, angatulutse kanthu mu labu. Angatulutse ndithu: utoto wofiira ndi chitin, chinthu chimene chimapanga khoko la prawn pamodzi ndi calcium carbonate ndi mapuloteni.

Atsukeni, muwaumitse pa 50°C, kenako muwapere akhale ufa.

Yambani ndi astaxanthin, utoto wofiira uja, chifukwa sachedwa kuwonongeka. Thirani ufawo mu ethanol, muike botolo m'makina a ultrasound (otumiza m'madzi mafunde a phokoso) a 20 mpaka 40 kHz kwa mphindi 15. Mafundewo amapanga tithovu tomwe timaphulika n'kung'amba khoko, ethanol n'kulowa mkati. Madzi a m'makinamo amatentha msanga, ndiye ponyanimo ayezi. Pamenepa musachite mphwayi, chonde, kutentha ndi kuwala zimapha utotowo. Sefani, musunge m'botolo lakuda.

Zotsalazo ziviikeni mu hydrochloric acid wosungunula, wa 1 M. Muona thovu likutumphuka, ndiye kuti calcium carbonate akusungunuka. Likaleka, tsukani. Kenako sodium hydroxide, m'makina momwemo, achotse mapuloteni. Valani magolovesi ndi magalasi, sodium hydroxide amawotcha khungu.

Tsukani mpaka pH ifike 7, kusonyeza kuti sodium hydroxide wachoka, muumitse. Ufa woyererako wotsalawo ndiye chitin. Mukafuna chitosan, chomwe chimapangidwa kuchokera ku chitin, uphikeni mu sodium hydroxide wa 40 mpaka 50%.