Nsomba ya m'thanki ya madzi a mchere ikachita madontho: kuzindikira kachilombo ndi kuchiza

Nsomba yanu ikayamba kudzikhula pamiyala kapena kubisala nthawi ya chakudya, musathamangire mankhwala. Tizilombo tovutitsa nsomba za m'madzi a mchere tilipo tamitundumitundu, ndipo mankhwala opha kamodzi nthawi zina sakhudza n'komwe kanzake. Choyamba dziwani kuti mukulimbana ndi kati.

Ine ndimayamba ndi kapumidwe. Ndimaima chapatali ndi galasi kuti nsomba isadzidzimuke, n'kuyang'ana makha ake. Ngati ikupuma mwawefuwefu, kapena yaima kutsogolo kwa pampu kuti madzi aziyiwomba kumaso, ndiye kuti makha agwidwa kale ndipo nthawi yatsala yochepa. Kenako ndimazimitsa magetsi a pathanki n'kuiwunika ndi tochi cham'mbali, chifukwa kuwala kochokera pamwamba kumabisa zambiri za pakhungu.

Madontho oyera owerengeka, lililonse palokhapalokha ngati njere za mchere pazipsepse ndi pathupi, kawirikawiri amakhala matenda a ich, oyamba ndi kachilombo kotchedwa Cryptocaryon irritans. Poyamba nsomba imadyabe bwinobwino. Koma mukaona kafumbi kopyapyala, koyererako kapena kachikasu, kosatheka kuwerenga madontho ake, nsomba n'kumathawa kuwala, amenewo ndi matenda a velvet, kachilombo kake ndi Amyloodinium ocellatum. Awa ndiwo ndimawaopa kuposa onse. Amatha kusesa thanki yonse m'masiku 2 kapena 3, ndipo nsomba zina zimafa thupi lili see, lopanda dontho, tizilombo tonse tili m'makha.

Kachilombo kena, Brooklynella hostilis, kamakonda nsomba za clownfish, makamaka zogwidwa kunyanja. Khungu limaoneka ngati likusendeka, zoterera zoyera zili lendelende. Palinso tinyongolotsi taphanthiphanthi monga Neobenedenia, timene simungatione pansomba chifukwa tilibe mtundu. Timadziwika ndi diso lochita chifunga, zipsepse zong'ambikang'ambika, ndi nsomba yogwedeza mutu pafupipafupi. Kuti mutsimikize, konzani madzi opanda mchere m'chidebe chakuda, opanda klorini, ofanana kutentha ndi pH (muyeso wa asidi wa m'madzi) ndi a m'thanki, ndipo muikemo mpweya. Viikanimo nsombayo mphindi 5 muli pomwepo. Tinyongolotsi timayera n'kuyoyokera pansi pa chidebe. Nsomba ikagona cham'mbali poyamba musachite mantha, zimatero, koma ikapanda kuyankha mutaikhudza pang'ono, ibwezereni msanga m'madzi ake. Kuviika kumeneku kumapatsanso mpumulo nsomba yodwala velvet, ngakhale sikuchiza.

Zotupa zoyera zamabuthumabuthu kunsonga kwa zipsepse, zokula pang'onopang'ono, nthawi zambiri ndi lymphocystis. Ameneyo ndi vairasi. Madzi abwino ndi chakudya chokwanira ndiye mankhwala ake, mankhwala a kopa (copper) ophera tizilombo ayi.

Tsono nayi nkhani imene ndikufuna muimvetse kuposa zonse, chifukwa ndi imene imaphetsa nsomba zambiri. Dontho la ich limene mukuliona ndi kachilombo kamene kalowa pansi pa khungu, kakudya. Kamakhala pamenepo masiku 3 mpaka 7, kenako kamadzichokera kokha, n'kugwera pansi, n'kukamatirira pamwala, pamchenga kapena pagalasi, n'kudzitsekera m'kachikwa. M'menemo kamagawikana kukhala tiana mazanamazana. Zikwa zambiri zimaswa mkati mwa masiku 28, koma zina zinapezekapo zikuswa patatha masiku 72. Tianato tikatuluka timasambira kufunafuna nsomba, ndipo tikapanda kuipeza pasanathe masiku 2, timafa.

Ndiye mukadzuka m'mawa n'kupeza madontho azimiririka, nsombayo sinachire. Tizilombo tangotsika kukaswana, ndipo tidzabwera tochuluka. Apa m'pamene adyo ndi mankhwala ena olembedwa kuti sawononga makorali (tamoyo ta m'nyanja tooneka ngati miyala kapena zomera) amapezera mbiri yabodza: munthu amathira lero, madontho amachoka mawa pa nthawi yake, iye n'kuyamika botolo. Adyo angathandize nsomba yonyanyala chakudya kuyambanso kudya, basi. Nyale ya UV yoyeretsera madzi imapha tiana tokhato tadutsa mu iyo. Nsomba zotsuka zinzake nazo sizifika pa kachilombo kobisala pansi pa khungu. Mankhwala enieniwo amangopha tiana tosambira, kachilombo ka m'khungu ndi ka m'chikwa sakafika. N'chifukwa chake kuchiza kumatenga masabata, ndipo kumachitika mbali ziwiri: pansomba ndi pathanki.

Chotsani nsomba zonse, ngakhale zooneka zathanzi, muziike m'thanki ina yochizira. Kusiya imodzi yokha n'kusiyira kachilombo chakudya. Thanki yochizira ikhale yopanda mchenga, yopanda miyala ya m'nyanja. Muikemo hita, fyuluta ya siponji, mpweya wambiri, ndi zidutswa za mapaipi a PVC zobisalamo, poti nsomba yosowa pobisala imasiya kudya. Muziyeza amoniya, poizoni wochokera m'zonyansa za nsomba, tsiku lililonse. M'thanki yatsopano mabakiteriya odya amoniya amakhala asanachuluke, ndipo amoniya angakuphereni nsomba imene kachilombo kanailephera. Khalani ndi madzi osakaniziratu mchere osinthira.

Pa ich ndi velvet, mankhwala odalirika ndi kopa. Osamuthira m'thanki yaikulu ngakhale pang'ono: amapha makorali, nkhono, nkhanu ndi tamoyo tonse topanda msana, komanso miyala ndi mchenga zimamuyamwa n'kumadzamutulutsa m'tsogolo. Shaki ndi nsomba za mtundu wa ray sizimupirira. Mlingo umasiyana malinga ndi mtundu wa kopa. Kopa wotchedwa Cupramine amafunika kufika mamiligiramu 0.5 pa lita, pamene wotchedwa Copper Power amagwira pakati pa 2.0 ndi 2.5. Mukasokoneza manambala awiriwa, mupha nsomba kapena simuchiza kanthu. Gulani choyezera chogwirizana ndi kopa wanuyo, muziyeza tsiku ndi tsiku, chifukwa akatsika pansi pa mlingo ngakhale usiku umodzi, tiana tina timapulumuka ndipo muyenera kuyambanso kuwerenga. Pa ich mukwezeni pang'onopang'ono kwa masiku angapo, mukuona ngati nsomba zikudya. Pa velvet palibe nthawi yotero, fikani pa mlingo mkati mwa tsiku limodzi kapena awiri. Ine ndimamusunga pa mlingo masiku 30. Madzi osinthira muzithiriratu kopa asanalowe m'thanki. Ndipo chonde, pamene muli Cupramine musathire mankhwala ochotsa amoniya kapena klorini, chifukwa amamusandutsa kopa wapoizoni kwambiri. Amoniya akakwera, sinthani madzi.

Ngati mwatsimikiza kuti ndi ich yekha, pali njira ziwiri zopanda kopa. Ina ndi kutsitsa mchere kuchoka pa 1.025 kufika pa 1.009, n'kuusunga pamenepo masiku 30, mukuyeza ndi refractometer (choyezera mchere wa m'madzi chimene chimapereka manambalawa) yokonzedwa bwino. Madzi akamauluka ngati nthunzi mchere umakwera, choncho muziwonjezera madzi opanda mchere tsiku lililonse, ndipo podzaukweza pomaliza, chitani pang'onopang'ono kwa sabata yathunthu. Njira imene ndimaikonda ine ndi yosamutsa: mathanki awiri, zipangizo ziwiriziwiri, nsomba ikusamukira m'thanki yoyera maola 72 asanakwane, kanayi. Imene yachokamo mumaitsuka n'kuiumitsa gwa, pamodzi ndi hita ndi mapaipi ake. Nsomba imathawa zikwa zisanaswe, ndipo pofika tsiku la 13 palibe chotsala pathupi pake. Ndi ntchito yotopetsa, koma nsomba siimwa poizoni aliyense. Velvet ndiye sagonja ku njira ziwirizi, n'chifukwa chake tochi ija ndi yofunika.

Brooklynella samva kopa kwenikweni. Amafuna kusambitsa nsomba m'madzi a mchere othira mankhwala a formalin kwa mphindi 45, pa mlingo wolembedwa pabotolo, mpweya uli wambiri chifukwa formalin amachotsa mpweya m'madzi, kenako n'kuiika m'thanki yoyera. Valani magolovesi, tsegulani mawindo, formalin ndi woopsa kwa inunso. Nsomba ya zilonda zofiira zotseguka musaisambitse m'menemo. Tinyongolotsi tija timafa ndi mankhwala a praziquantel, mamiligiramu 2.5 pa lita, koma mazira ake safa, ndiye bwerezani patatha masiku 5 mpaka 7.

Nthawi yonseyi thanki yaikulu ikhale yopanda nsomba. Makorali, nkhono ndi nkhanu zitsale, tizilomboti sitidya zimenezo. Muziponyamo kachakudya pang'ono masiku ena kuti mabakiteriya a m'fyuluta asafe ndi njala, ndipo hita isazimitsidwe, chifukwa m'madzi ozizira zikwa zimachedwa kuswa. Pa velvet dikirani masabata 6. Pa ich dikirani masiku 76, kuti ngakhale chikwa chochedwetsetsa chiswe tiana take tisowe pogwira. Ndikudziwa kuti kuyang'ana thanki yopanda nsomba miyezi iwiri ndi theka kumawawa, ndipo ambiri amagonja sabata yachisanu. Musagonje. Mukaikamo korali watsopano kapena mwala wochokera m'thanki ya nsomba, yambaninso kuwerenga, chifukwa zikwa zimayenda pa chinthu chilichonse cholimba ndi chonyowa.

Pa chifukwa chomwecho, ukonde, paipi yokokera madzi ndi zidebe za thanki yochizira zisakhudze thanki yaikulu. Ine ndimazimanga tepi yofiira kuti ndisazisokoneze, ndipo mathanki awiriwo ndimawatalikitsa mamita 3, poti timadontho touluka kuchokera ku thovu la mpweya tingathe kunyamula velvet. Mankhwala akatha, chotsani kopa posintha madzi, muziyang'anabe nsombazo masabata 2 m'madzi opanda mankhwala. Dontho likabwereranso mudzalionere m'menemo, osati pakati pa makorali. Nsomba iliyonse yatsopano imene mudzagule izidzayamba yakhala m'thanki yochizirayo masabata 4 kapena kuposerapo isanakumane ndi zinzake.