Kuphunzitsa za ayezi, madzi ndi nthunzi pogwiritsa ntchito thermometer

Aphunzitsi ambiri akafika pa mutu wa zinthu zolimba, zamadzimadzi ndi mpweya amangojambula timadontho pabolodi: apa tathinana, apa tatayana pang'ono, apa tabalalika. Chojambulacho n'cholondola, koma ophunzira amangoloweza osaona kanthu. Madzi okha amatha kuonetsa mikhalidwe itatu yonseyi m'phunziro limodzi, bola thermometer iikidwe bwino.

Konzani ayezi wolemera magalamu 200, beaker (kapu yagalasi ya mu labotale) yopirira moto ya mamililita 500, thermometer yoyeza kuyambira -10 mpaka 110°C, choyatsira moto, kamtengo kotakasira ndi wotchi. Ayeziyo muphwanye akhale tizidutswa ting'onoting'ono, chifukwa zibulumwa zikuluzikulu zimasiya mipata ndipo thermometer imayeza mpweya wa m'mipatamo. Mangirirani thermometer kuti nsonga yake ikhale pakati pa ayezi, isagunde pansi pa beaker. Ambiri amalakwitsa pomwepa: galasi lapansi limatentha msanga kuposa madzi, ndiye manambala amakwera monama.

Moto ukhale wochepa ndi wosasinthasintha. Wophunzira mmodzi azitakasa, wina aziwerenga madigiri miniti iliyonse, wachitatu azilemba. Musatakase ndi thermometer, imasweka.

Kwa mphindi zingapo manambala adzaima pa 0°C, kapena pafupi kwambiri, ngakhale moto ukuyaka. Ophunzira adzaganiza kuti chida chawonongeka. Musawayankhe msanga, afunseni kumene kutentha kukupita. Kukupita kokamasula tizigawo ta madzi tomwe mu ayezi tagwirana m'malo amodzi, ndipo galamu imodzi ya ayezi imafuna majoule 334 (joule ndi muyeso wa mphamvu) kuti isungunuke popanda digiri ngakhale imodzi kukwera. Kachidutswa komaliza kakasungunuka, manambala amayamba kukwera. Ngati akukwera ayezi akadalipo, ndiye kuti moto wachuluka kapena wotakasa watopa.

Kuima kwachiwiri kumabwera madzi akawira, ndipo n'kwakutali kwambiri. Kutenthetsa galamu imodzi ya madzi kuchokera pa 0 kufika pa 100°C kumatenga majoule pafupifupi 420, koma kuisandutsa nthunzi kumatenga pafupifupi 2,260, kuposa kasanu. Choncho musadikire kuti madzi aphwe onse. Mphindi zisanu za manambala osasuntha zakwana, zimitsani moto beaker isanaume.

Musamudzudzule wophunzira amene walemba 96 kapena 97°C. Madzi amawira pa 100°C pamalo otsika mofanana ndi nyanja yamchere. Kumtunda mpweya umapanikiza madzi pang'ono, ndipo nambala imatsika ndi digiri imodzi pa mamita pafupifupi 300 aliwonse okwera. Chofunika n'chakuti nambalayo yaima, osati kuti yafika pa 100.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokeretsa maso. Timathovu timene timamatirira m'mbali mwa beaker madzi akangofunda si kuwira ayi, ndi mpweya umene unasungunuka m'madzimo ukutuluka. Kuwira kwenikweni ndi thovu lalikulu lochokera pansi n'kukaphulikira pamwamba. Chachiwiri ndi utsi woyera umene timautcha nthunzi. Nthunzi yeniyeni sioneka. Choyeracho ndi timadontho ta madzi amene azizira kale n'kubwerera ku madzimadzi. Ndi ketulo zimaoneka bwino: pakati pa mlomo wake ndi utsi woyera pamakhala kampata kooneka ngati kopanda kanthu, ndipo nthunzi ili pamenepo. Wina asayikepo chala. Nthunzi imawotcha koposa madzi owira, chifukwa ikakhudza khungu imabweza majoule 2,260 aja pa galamu iliyonse.

Musatenthetse madzi m'chotengera chotseka. Akasanduka nthunzi amafuna malo ochuluka pafupifupi ka 1,700, ndipo chotengeracho chimaphulika.

Kuti muonetse ulendo wobwerera, gwirani mbale yachitsulo yozizira ndi chopanira, muipendeketse pamwamba pa nthunzi, madontho atsikire m'kapu. Za kuundana konzani dzulo lake: thirani madzi m'botolo lapulasitiki, lembani chizindikiro pomwe alekezera, liikeni mufiriji yoziziritsa kwambiri. Ayezi adzapitirira chizindikirocho, popeza madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 aliwonse. N'chifukwa chake ayezi amayandama, pomwe zinthu zambiri zikalimba zimamira m'madzimadzi ake. Botolo lagalasi musaliyese, limang'ambika.