Zoyenera kuchita ngati pulogalamu yanu ikufa mutaika NumPy watsopano

Kaya ndinu wophunzira wa ku University of Malawi kapena mumasanthula ziwerengero mu ofesi kuno ku Zomba, mukaona kuti khodi ya Python yomwe inkayenda bwino dzulo yakana lero mutangosintha laibulale imodzi monga NumPy (khodi yolembedwa kale yothandiza powerengera manambala), musathamangire kufufuta zonse n'kuyambiranso, chifukwa mungathe bandulo pachabe vuto likadalipo. Yambani mwaona mmene pulogalamuyo ikufera, pakuti imafa m'njira ziwiri zosiyana.

Njira yoyamba ndi yosavuta. Python imalemba uthenga wa AttributeError, kusonyeza kuti khodi yanu ikuitana dzina lomwe linachotsedwa. Mu pandas 2.0, ya mu 2023, munachotsedwa DataFrame.append, ndipo m'malo mwake mulembe pd.concat. NumPy 2.0, yemwe anatuluka mu June 2024, anachotsa np.NaN ndi np.float_, choncho lembani np.nan ndi np.float64.

Yachiwiri ndiyo imasowetsa mtendere: kernel ya Jupyter (chigawo chomwe chimayendetsa khodi yanu mu notebook) imangozima, kapena pamatuluka mawu akuti "Segmentation fault" kapena "numpy.dtype size changed". Apa khodi yanu nthawi zambiri ilibe mlandu. Malaibulale monga pandas, SciPy ndi h5py ali ndi zigawo zomwe zinamangidwa kale mogwirizana ndi m'kati mwa NumPy 1.x, ndipo popeza NumPy 2.0 anasintha kamangidwe ka m'katimo, zigawo zakalezo sizimvananso naye. Kuti mudziwe laibulale yomwe ikugwetsa zinthu, yendetsani fayilo yanu ndi python -X faulthandler, yomwe imasonyeza mzere womwe pulogalamu inafera. Kenako lembani pip list (pip ndi chida choikira malaibulale) kuti muone mitundu ya malaibulale imene muli nayo. Lamulo la pip check limathandizanso, koma musalikhulupirire kwambiri, chifukwa limangoona zomwe laibulale iliyonse inalengeza kuti ikufuna, ndipo lingakuuzeni kuti zonse zili bwino pomwe pulogalamu ikufabe.

Mukapeza gwero, sankhani pa zinthu ziwiri. Mutha kubwerera m'mbuyo ndi pip install "numpy<2", kapena kusintha malaibulale enawo kuti agwirizane ndi NumPy 2.0, kuyambira pa pandas 2.2.2 ndi SciPy 1.13. Ngati tsiku lopereka lipoti layandikira, ine ndingakulangizeni kubwerera m'mbuyo, zosinthazo mudzazichite ntchito ikatha. Chitani zimenezi m'malo atsopano opangidwa ndi python -m venv, osati pamwamba pa zowonongekazo, ndipo musaike laibulale imodzi kawiri, ndi conda (chida china choikira malaibulale) ndi pip. Mukamaliza, zimitsani kernel n'kuiyatsanso, apo ayi Jupyter ipitiriza kugwiritsa ntchito zakale zomwe inatsegula poyamba.

Ngati magetsi anazima pip ili m'kati moika, yang'anani mu site-packages, foda yomwe malaibulale amaikidwamo. Foda ya dzina loyamba ndi chizindikiro cha ~, monga ~umpy, ndi zotsalira za ntchito yosamalizika. Ifufuteni, kenako muikenso laibulaleyo.

Zonse zikayenda, sungani mndandanda wa malaibulale ndi pip freeze > requirements.txt. Koma musanatumize zotsatira kwa aphunzitsi kapena kwa abwana, ziyerekezeni ndi zakale, chifukwa NumPy 2.0 anasinthanso malamulo ophatikizira mitundu ya manambala: nambala imodzi ya mtundu wa float32 ikaphatikizidwa ndi nambala wamba ya Python, tsopano imakhalabe float32, ndipo manambala a kumapeto kwa yankho angasiyane ngakhale pulogalamu isanadandaule chilichonse.