Anzanga atelala, sanjani masitayilo pa Pinterest musanadule nsalu ya munthu

Mikangano yambiri ya telala ndi kasitomala imayambira pa chithunzi. Mayi abwera ndi chitenje chimodzi cha mamita 2 m'jumbo, atulutsa foni, n'kuonetsa delesi lalitali lothina m'chiuno, lotambalala kumunsi, manja ake otukuka. "Ndikufuna chimodzimodzi ili." Telala, poopa kuti kasitomala angapite pakhonde lina, angoti "zitheka mayi", atenga tepi, alemba miyezo. Tsiku lodzatenga, delesi latuluka lina, nsalu inaperewera, ndipo mayi aja akuchoka akudandaula kuti mwawaonongera chitenje. Chonsecho delesi la pachithunzi lija linasokedwa ndi nsalu ya mayadi 6, yomwe ndi pafupifupi mamita 5 ndi theka, kuphatikizapo lainingi ndi sitifi (nsalu yolimbitsa chovala) mkati. Chithunzicho sichinanene zimenezi, ndipo telala analibe china choti aonetse m'malo mwake.

Kale tinkadalira makatalogu opachika pakhoma, omwe ankatuwa ndi dzuwa masitayilo ake n'kutha fasho ali pomwepo. Lero ambiri timasunga zithunzi m'foni, koma zimasakanikirana ndi za ana, za kutchalitchi ndi za m'magulu a WhatsApp. Kasitomala amaima kudikira inu mukupalasa chala pagalasi kufunafuna bulauzi yomwe munaiona mwezi watha. Foni ikabedwa kapena ikadzadza, zonse zapita.

N'chifukwa chake ndimalimbikitsa osoka zovala kuti aphunzire kugwiritsa ntchito Pinterest, tsamba la pa intaneti lofufuzirapo ndi kusungirapo zithunzi. Inayamba mu 2010 ku America, oyambitsa ake ndi Ben Silbermann, Paul Sciarra ndi Evan Sharp, ndipo likulu lake lili ku San Francisco. Kutsegula akaunti n'kwaulere, mumangofunika imelo ndi bandulo. Mukaona chithunzi chokusangalatsani mumadina Save, n'kusankha bolodi loti chikakhalepo, lomwe lili ngati foda ya zithunzi yomwe mumaipatsa dzina nokha. Zithunzizo zimasungidwa pa akaunti yanu, kotero ngakhale mutasintha foni mudzazipeza momwe munazisiyira, bola musaiwale pasiwedi. Ilembeni penapake pobisika kunyumba.

Kusunga zithunzi aliyense angathe. Luso lili pa kasanjidwe, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Musatsegule bolodi limodzi n'kulitcha "Masitayilo", chifukwa pakangotha milungu yochepa likhala chimodzimodzi ndi foni yodzadza ija. Mabolodi anu atsate momwe makasitomala amalankhulira akafika. Palibe amene amabwera n'kunena kuti akufuna khosi lakutilakuti; amati "ndili ndi chinkhoswe Loweruka", "ndife aperekezi a ukwati", "ndikufuna chovala kuntchito", "ndi za kwaya", "musokereko mwanayu". Choncho pakhale bolodi la Chinkhoswe, la Aperekezi, la Zakuntchito, la Kwaya, la Ana, la Malaya a abambo. Akangotchula mwambo, inu mwatsegula kale pomwe pali yankho.

Kenako mkati mwa bolodi lililonse gawani zithunzi potengera kuchuluka kwa nsalu. Pinterest imalola kupanga zigawo mkati mwa bolodi, ndipo kwa telala ndikuona kuti palibe kagawidwe kaphindu koposa aka: "Chitenje chimodzi", "Zitenje ziwiri", "Mayadi 6". Mayi wa mamita 2 uja mukhoza kumuuza mwaulemu kuti delesi la pafoni yakelo likufuna nsalu yochuluka, n'kumutsegulira chigawo cha chitenje chimodzi kuti asankhe pa zomwe nsalu yake ingakwanitse. Mwina asankha siketi ndi katopu, mwina abwerera kumsika kukagula chitenje china. Mulimonsemo mwagwirizana sizasi isanakhudze nsalu. Kumbukiraninso kuti zitenje zambiri m'lifupi mwake ndi masentimita 115 mpaka 120, ndipo za maluwa akuluakulu zimadya nsalu yambiri chifukwa maluwawo ayenera kukumana bwino pamsoko. Sitayilo yomwe ikukwana pa chitenje cha timadontho ikhoza kuperewera pa cha maluwa aakulu.

Pofufuza, mukalemba "chitenje" yekha mupeza zochepa. Nsalu yomweyi ku Nigeria ndi ku Ghana anthu ambiri amaidziwa kuti ankara, ku Tanzania ndi ku Kenya kitenge, ku Mozambique capulana. Lembani mayina amenewa pamodzi ndi chovala chomwe mukufuna, mwachitsanzo "ankara skirt and blouse" kapena "kitenge dress". Onjezaninso "plus size" kuti mupeze zithunzi za amayi athupi, chifukwa si onse obwera pakhonde panu amene ali ndi thupi la atsikana a pazithunzi, ndipo mayi amasankha momasuka akaona chovala pa munthu wofanana naye. Palinso kabatani kofufuzira ndi chithunzi: mukakadina pa mkono wa delesi womwe wakusangalatsani, Pinterest imakubweretserani zovala zina za mikono yofanana. Zimathandiza kwambiri pamene chithunzi choyamba sichikuonetsa kumbuyo.

Musanadine Save, chiyang'aneni chithunzicho ndi maso a telala. Zipi ili pati? Munthuyu analowamo bwanji m'delesimu? Misoko ikudutsa pati, ndipo chikuimika mapewawo n'chiyani? Masiku ano pali zithunzi zambiri zopangidwa ndi AI (mapulogalamu a kompyuta opeka zithunzi), zokongola zedi, koma chovala chake sichinasokedwepo ndi munthu. Mukazionetsetsa mupeza kuti maluwa a nsalu akuyenda kuchoka pachifuwa mpaka kumkono popanda msoko, mabatani alibe zibowo, mpendero suoneka pomwe wathera. Pinterest inayamba mu 2025 kuika chizindikiro pa zithunzi zina zotere, koma si zonse zomwe zimagwidwa. Chithunzi chomwe simungathe kufotokoza kadulidwe kake musachiike pa bolodi loonetsa makasitomala, chifukwa tsiku lina wina adzachiloza ndipo mudzachita manyazi kukana. Ngati chakukopani ndithu, chisungeni pa bolodi lachinsinsi lophunzirira, mukachiyesere kaye pa nsalu yotchipa.

Pa sitayilo iliyonse yomwe mwaisokapo, lembani zomwe mwaphunzira: nsalu inalowa yochuluka bwanji, lainingi mamita angati, zipi yaitali bwanji, inakutengerani nthawi yotani, munatchaja zingati. Mukhoza kulemba pa chithunzi pomwepo, pamalo a noti yomwe mumaiona nokha, kapena m'kope lanu la miyezo. Atelala ambiri amaluza pamtengo chifukwa amatchula ndalama asanakumbukire kuti delesi la mapindo ambiri limadya tsiku lonse. Zolembazi n'zomwe zidzakuuzeni mtengo woyenera ulendo wotsatira.

Bolodi lomwe ndimaliona kukhala lofunika kuposa onse ndi la ntchito za manja anu. Chovala chikatha, chisiteni, chipachikeni pahang'ala kapena pachidole, pakhoma loyera, m'mawa dzuwa lisanawale kwambiri, n'kuchijambula kutsogolo, kumbuyo ndi pafupi pamsoko. Ngati mukufuna kujambula mwiniwake atavala, pemphani kaye, ndipo akakana musakakamize. Ena amalola pokhapokha nkhope isaoneke. Zimandipweteka ndikaona telala waluso akutsatsa ntchito yake ndi zithunzi za osoka a ku Lagos, pomwe m'shopu mwake mwapachikika zovala zooneka bwino kwambiri. Kutenga chithunzi cha mnzanu n'kumati munasoka ndinu n'kunamiza kasitomala, komanso chithunzi chili ndi mwini wake, ndipo kuno kwathu lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza ntchito zotere. Kuphunzirapo kadulidwe ka kolala kapena ka mkono ndi nkhani ina, umo ndi momwe luso limakulira.

Pa ntchito za ukwati, tsegulani bolodi lachinsinsi n'kuitanirapo mkwatibwi ndi amene akuyang'anira aperekezi. Onse oitanidwa amatha kuikapo zithunzi, pomwe anthu ena onse saliona. Zimathandiza makamaka ngati mkwatibwi ali ku Lilongwe inu muli ku Zomba, kapena mlongo wolipira nsalu ali ku Johannesburg. Akamaliza kusankha, chotsani zina zonse patsale chithunzi chimodzi chomwe mwagwirizana, ndipo mumutumizire mkwatibwi pa WhatsApp kuti avomereze molemba. Aperekezi akakhala ambiri maganizo amasinthasintha, ndiye pamafunika umboni wa zomwe zinasankhidwa.

Bandulo isamaleni. Mavidiyo ndi omwe amaimaliza msanga, choncho letsani kuti asamadziyambire okha, ndipo dziikireni nthawi yofufuza, kaya madzulo mukatseka, chifukwa Pinterest sisiya kukubweretserani zatsopano ndipo makina akhoza kukhala chete m'mawa wonse. Kamodzi pamwezi dutsani m'mabolodi anu n'kuchotsa masitayilo omwe palibe akuwafunsanso.

Pomaliza, Pinterest imafuna intaneti kuti itseguke. Ngati komwe mumasokera netiweki imavuta, sankhani zithunzi zochepa pa bolodi lililonse, zomwe anthu amazikonda kwambiri, muzitsitsire m'foni n'kuziika m'mafoda a mayina omwewo: Chinkhoswe, Aperekezi, Zakuntchito. Amene angakwanitse asindikize zina kumalo ojambulira zithunzi aziike m'fayilo ya mapepala apulasitiki, pansi pa chilichonse alembepo mamita a nsalu yofunika, kuti agogo obwera opanda foni nawonso athe kuvundukula ndi kuloza chomwe akufuna.